Kamuvi Kogona pa Ziro

Mpaka lero, ndikakwera galimoto ya munthu, sindiyang'ana kunja. Anzanga amaona mbuzi ndi ana ogulitsa masau m'mbali mwa msewu, ine maso ali pa kamuvi ka sipido kuseri kwa chiwongolero. Adzukulu anga amandiseka, ati agogo amaopa liwiro. Liwiro sindiliopa ine. Ndimawasowa amuna anga, ndipo pa kamuvi kaja ndi pamene ndimawapeza msanga.

Iwo anali makanika pa Feira, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi. Galaja yawo inali mthunzi wa mtengo wa masau kuseri kwa nyumba yathu, ndi bokosi lachitsulo lodzaza masipanala. Anali odzitama, ndisaname. Lole ikamatsika kuchokera ku mlatho wa Luangwa ankatchera khutu n'kunena matenda ake isanafike, ndipo akalondola tonse tinkazimva mpaka madzulo. Akaphonya ankati mphepo inasokoneza. Ine ndinkagulitsa nsomba zouma ndi tomato pamsika, ndipo zitsulo zawozo ndinkazidziwa pochapa maovololo basi.

Kenako shuga anawadya maso. Zinali m'zaka za m'ma 1990, chapakati pake. Poyamba ankangodandaula kuti dzuwa lanyanya kuwala, kenako anayamba kufufuza nati ndi manja ili patsogolo pawo penipeni. Pomaliza ankangoona kuti uku kwayera, uku kwada. Anthu sanawachitire nkhanza. Ankadutsa, kupereka moni mwaulemu, galimoto zawo n'kukapereka kwina. Amuna anga anatsala pa mpando wakale wa lole pansi pa mtengo paja, kupukuta masipanala oyera kale.

Alongo awo aakulu anabwera kuchokera ku Mburuma pa lole ya makala. Anawayang'ana, anandiyang'ana, n'kunena kuti madzi saiwala khwawa: munthu akafooka amabwerera kwa eni ake. Anati akakolola mapira adzabweranso kudzawatenga. Ine sindikanatha kutsatira. Ana anali pa sukulu, mphika wathu unkadalira msika, ndipo kumudzi kwawoko ndikanangokhala mlendo wodya za eni. Koma mawu a alamu angawo sanandipweteke kwambiri, pakuti mlamu amalankhula zake. Chinandibaya ndi chakuti amuna anga anavomera.

"Nizapita chabe, amake ana," anatero. "Pano nakhala katundu."

Ndinawakalipira mpaka mawu anandithera, iwo ali phee. Munthu amene kale tinkakangana naye za mchere wa m'ndiwo mpaka nkhuku kuthawa, tsopano sankabweza. Kukhala chete kumeneko ndinkadana nako kuposa matendawo.

Mapira atapsa m'minda, kunabwera galimoto ina. Tinaimva ili kutali, ikulira ngati mbuzi yomangidwa, koma ikuyenda pang'onopang'ono. Inali vani yoyera, ya zija zogwiritsidwa kale ntchito zomwe zinali zitangoyamba kubwera kuchokera ku Japani. Mwini wake anali mayi wa ku Lusaka, wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene ankabwera kudzagula pende ndi mcheni wa mchere kwa asodzi. Dalaivala wake anali atathawa dzulo lake, atakwera lole yopita ku mlatho osatsanzika. Amene anaiyendetsa mpaka pakhomo pathu anali wapaulendo wina wachifundo, ndipo atangoiimika anapita zake.

"Ba makanika, nithandizeniko," anatero mayiyo. "Bonse ku maliketi bakamba ati giyabokosi yafa. Nsomba zanga zili mu masaka, zizaola."

Amuna anga anafunsa mtundu wa galimoto. Atamva kuti ndi otomatiki, yosintha magiya yokha, anaseka kuseka kouma. Anali asanatsegulepo yotero chibadwire, ndipo ali ndi maso ankazitcha galimoto za anthu aulesi. Ndinawaona akukonza pakamwa kuti akane. Ndiye ndinalankhula ine, ndili chiimire ndi lichero m'manja.

"Isiyeni pamenepo, amai. Azaiona."

"Nizaiona na chani?" amuna anga anandifunsa, mayi uja atachoka. Tinakangana tsiku limenelo, mkangano weniweni, wokweza mawu. Mtima wanga unasangalala ngati ndapatsidwa chitenje chatsopano.

M'mawa mwake ndinasiya msika kwa mnzanga n'kukhala manja awo. Anandiuza kuti ndilize injini, idzingolira pamalo pomwepo, kenako ndisolole kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi. Anakanunkhiza kwa nthawi, anatikita oyiloyo pakati pa zala, n'kufunsa mtundu wake. Ndinati ndi wofiira ngati madzi a chidede, woyera bwino. Iwo anati giyabokosi yopsa imanunkha ngati mphika wopserera ndipo oyilo wake amada, amakhala ndi timchenga. Uyu analibe. Anaitanitsa mwini wake kuti afotokoze matenda kuyambira pachiyambi, monga amachitira a sisitala ku chipatala cha ku Katondwe. Mayiyo anati ponyamuka imanyamuka bwino, koma ikafika poti isinthe giya imakakamira, injini n'kumangokuwa. Nthawi zina imasintha mochedwa ndi chigugu chomugwedeza munthu msana, nthawi zina osasintha n'komwe. Anatinso pali kanyali kena komangophethira, komwe dalaivala anamata ndi pepala kuti kasamamusowetse mtendere.

Amuna anga anayamba ndi zomwe ankadziwa. Anafufuza waya wochokera popondera moto, anaukoka, anaumasula pang'ono, anaumanganso. Anandituma kuona mafyuzi limodzilimodzi padzuwa. Kenako tinaikweza ndi jeke, matayala akumbuyo n'kuwasiya m'malere, galimoto itakhala pa zipika za tsanya. Ine ndinakhala pa mpando wa dalaivala, iwo ataima pambali dzanja lili pa chitseko. Ndinaika giya pa D monga anandiuzira, ndinaponda moto. Matayala anazungulira, injini inakwera, inakwera, inayamba kukuwa, giya osasintha. Tinabwereza mpaka nkhuku za oyandikana nawo zinasamuka. Zomwe anakonza zija sizinathandize kanthu.

Tili mkati moteromo, alamu anga anatulukira ndi kathumba kawo pamutu. Anali atakolola. Anakhala pakhonde, anamwa madzi, n'kumationerera.

Amuna anga anabwerera pa mpando wawo wa lole. Anati chatsala n'kutsitsa giyabokosi yonse n'kuitsegula, koma anamvapo kuti m'kati mwa zoterezi muli timipira tachitsulo ndi timasipuling'i tochuluka, kamodzi kakagwa mumchenga basi zonse zatha. Ntchito yotero imafuna maso. Anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Kauzeni amai aja afune lole yoikoka," anatero. "Ine apa ndiye pothera."

Ndinali ndikadali pa chiwongolero, thukuta lili chuchuchu, nditakwiya. Ndinkafuna choti ndichinyoze, ndipo chomwe chinali patsogolo panga ndi galimotoyo. Ndinati nayonso yaphunzira kale makhalidwe a pa Feira, yangobwera kumene koma kamuvi kake kagona pa ziro ngati anzake onse.

"Mwakamba chani?"

"Kamuvi ka sipido. Kagona."

"Matayala pozungulira paja, sikananyamuke?"

"Olo pang'ono."

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake palibe anali atawauza zimenezi. Kwathu kuno masiku amenewo kunalibe galimoto yomwe kamuvi kake kankayenda. Dalaivala aliyense, wa lole kapena wa ofesi, akangotsika ku mlatho ankagona pansi n'kumasula chingwe cha sipido, kuti manambala a mtunda asamayende. Akatero ankatha kunyamula anthu ndi mitanga ya nsomba kupita ku Mphuka, ku Katondwe, kubwerera, bwana osadziwa kanthu. Ena ankaiwala kubwezera, ena chingwecho chinkatayika. Amuna anga omwewo anamasulirapo anthu zingwe zosawerengeka. Galimoto zakalezo sizinkasamala, zinkayenda bwinobwino. Choncho kamuvi kakufa sitinkakayesa matenda, monga momwe sitiyesera matenda fumbi la kumapazi. Amuna onse a kumsika anasuzumira m'galimotomo n'kukaona, ine ndinakhala ndikukayang'ana tsiku lonse, ndipo munthu mmodzi yekha amene akanadabwa nako sankaona.

Amuna anga anaitanitsanso mayi uja. Iye anati pochoka ku Lusaka kamuvi kankayenda, ndipo manambala ankawayang'anitsitsa chifukwa madalaivala amawadziwa. Kanafa tsiku lomwe iye anawoloka mtsinje kupita ku Zumbo kukafuna nsomba, galimoto ataisiya m'manja mwa dalaivala wake, mnyamata wothawa uja. Pobwera anauzidwa kuti kaphedwa ndi mabampu a msewu. Matenda a magiya anayamba tsiku lomwelo, koma iye sanaganize kuti ziwirizi n'zapachibale.

Amuna anga anaimirira. Anayamba kulankhula okha, akuyenda uku ndi uku pansi pa mtengo, monga ankachitira kale. Anati dalaivala amasintha giya chifukwa khutu lamuuza kuti liwiro lakwana. Nanga iyi yosintha yokha, amaiuza ndani? Ilibe khutu. Ndiye kuti pali china chimene chimaiuza mmene matayala akuthamangira, ndipo mwina n'chomwecho chimene chimauza kamuvi. Ukachitseka pakamwa kuti bwana asamve, giyabokosi nayo siimva. Imangokhala mumdima, kuyesa kuti ikadali ponyamukira.

"Amake ana, bweretsani saka. Tingene pansi."

Tinadikira kuti paipi ya utsi izizire, kenako tinalowa tonse awiri, chagada, mapewa atagundana. Ndinamva alamu anga akuti "Mayo ine!" pakhonde, poona mkazi wamkulu ndi chitenje akukwawira pansi pa galimoto, koma sindinawasamale. Pansipo pankanunkha nsomba ndi oyilo. Dzanja la amuna anga linayenda pa giyabokosi kuchokera kutsogolo, likusisita, likuima, likupitirira. Ankafuna chingwe chokhala ndi nati monga cha galimoto zakale, koma sanachipeze. Chakumchira anakhudza kanthu kotuluka m'mbali, kofanana ndi chala chachikulu, kali ndi kabowo kopanda kanthu. Anandifunsa ngati pali waya wolendewera pafupi. Ndinayang'ana. Unalipo, utapindidwa n'kumangidwa ku paipi ndi mphira wa chubu cha njinga, kumapeto kwake kuli kapulagi kodzaza matope. Madzi a mchere odontha kuchokera ku nsomba anali atalowamo, timano take tachitsulo titasanduka tobiriwira.

Patapita zaka ndinamva kuti kanthuko amakatcha sensa. Ife tsiku limenelo tinkangoti kachala.

Amuna anga anaseka pansi pomwepo mpaka kutsokomola. Anati mnyamata uja anachita zomwe anaphunzira kwa akulu ake, ndipo galimoto itayamba kukuwa anayesa kuti waipha, osadziwa kuti angobwezera pomwe anazula. Anandiuza kuti ndisabwezere msanga. Tinamasula kachalako ndi sipanala yaing'ono, ndipo kumutu kwake kunali ndevu zazitsulo zomatirira, pakuti kali ndi maginito. Anakapukuta ndi nsalu. Pulagi ndinaitsuka ndi petulo ndi mswachi wawo womwe, ndinakolopola timano tija ndi munga mpaka tinawala, n'kuiyanika padenga la galimoto. Iwo anatsatira waya uja ndi zala mpaka pomwe unalowera m'thupi la galimoto, kufuna pomwe pangakhale poduka kapena podyedwa ndi makoswe. Panalibe. Itauma pulagi ndinawapatsa m'manja, anaikankha okha mpaka inalira kuti kha.

Ndinakweranso, ndinachotsa pepala lija pa kanyali, ndinaponda moto. Kamuvi kananjenjemera, kenako kanadzuka. Ndinakuwa ngati ndaona njoka. Injini inakwera pang'ono, n'kutsika mawu yokha, matayala akuthamangirabe. Mayi wa nsomba anayamba kululutira, koma amuna anga anakweza dzanja. Anati tayala la m'malere limanama, galimoto imayesedwa pamsewu itasenza thupi lake.

Ndiye aiyendetsa ndani? Funso limeneli linali ndi mbiri yake m'nyumba mwathu. Titangokwatirana anayesapo kundiphunzitsa pa kapikapu kena kakale, ndipo kilachi anandikana kotheratu. Ndikachotsa phazi galimoto inkadumpha n'kuzima, iwo n'kumakuwa, ine n'kumabwezera. Tsiku lomaliza ndinagwetsa khola la mbuzi la eni ake, ndinatsika, n'kulumbira kuti chiwongolero sindidzachigwiranso. Nkhaniyi ankaikonda kuifotokozera alendo.

"Iyi ilibe kilachi," anatero akufufuza chitseko cha mbali inayo. "Ni ya aulesi. Izakuyenerani."

"Imwe atate ake ana, mukayamba kukuwa nizakusiyani pa msewu."

Tinatuluka m'boma dzuwa litapendeka, kulowera msewu wa ku Katondwe. Phazi langa lamanzere linkangofunafuna chopondera chomwe kunalibe. Iwo anakhala mowongoka, chikhatho chili pa dashibodi, mutu utapendekera ku injini. Sanakuwe ngakhale kamodzi. Ankangofunsa kuti, "Kali pati manje?" ine n'kuwerenga nambala yomwe kamuvi kaloza. Galimoto inasintha giya mofewa, ngati munthu wameza malovu, iwo n'kuti, "Eya." Anati ndiwonjezere moto. Inasinthanso. Kanyali kaja kanali katasiya kuphethira. Pa malo owongoka anandiuza kuti ndiponde zenizeni, ndipo itasintha komaliza injini inangotsala kung'ung'udza pansipansi, fumbi lili tolo kumbuyo kwathu.

Anatsitsa galasi. Mphepo inalowa ndi fungo la mtsinje ndi la masau oyanika. Msewu wonse anali nawo m'mutu: ankandiuza kuti kutsogoloku kuli kamlatho, chepetsani, apa pamadutsa njovu, apa pali mlambe womwe lole ya mchere inagundapo. Nkhope yawo inali ija ya kale, ya munthu amene akudziwa chomwe akunena. Tinali takwatirana zaka zambiri koma tinali tisanayendepo ulendo awiriwiri m'galimoto popanda katundu wa munthu kapena mwana wodwala. Sindinkafuna kuti msewuwo uthe.

Koma msewu umenewo ndi womwewo wopita ku Mburuma, ndipo tonse tinkadziwa. Ndinalankhula maso ali kutsogolo, misozi ikundisokoneza kuona.

"Tayamba kale njira ya kwanu. Nipitilize, nikakusiyeni? Katundu wanu alamu azabwera nao."

Chikhatho chawo chinali pa dashibodi pomwepo.

"Mukanisiya kuja," anatero, "kamuvi azaniuza ndani?"

Kenako anati nditembenuze, amai a nsomba akudikira. Kutembenuzako ndiye kunali ntchito. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka matayala analowa m'mapesi a mapira a munthu, ndipo apo pokha ndi pamene anakuwa, ine n'kubwezera, tonse tikuseka.

Titafika, alamu anga anali atamanga kale zovala za mlongo wawo m'chitenje. Amuna anga anatsika, anayenda okha mpaka pakhonde, anakhala pansi pafupi nawo. Anawathokoza chifukwa cha ulendo wautali, n'kuwauza kuti apite bwino, iwo ali ndi ntchito pano. Alamu sanakondwe. Anandiyang'ana ine, oyilo ali m'tsitsi, n'kunena kuti mlamu, mwapambana lero. Mawa lake anakwera lole okha, nditawapatsira nsomba zabwino kwambiri zomwe ndinali nazo.

Sindinganene kuti galimoto zinayamba kudzaza pabwalo. Zinkabwera apo ndi apo, makamaka zija zosintha zokha, zomwe ena ankaziopa. Funso loyamba la amuna anga linali la kamuvi nthawi zonse, ndipo madalaivala ankayang'ana pansi. Ine ndinazolowera kugona pa saka pambali pawo, kuwauza mtundu wa waya, pomwe padontha, pomwe pachita dzimbiri. Tinkakangana pansi pa galimoto za eni mpaka eni akewo kuchita manyazi. Masiku amenewo ndi amene ndimawalakalaka kuposa a utsikana wanga. Sanachuluke. Shuga uja sanakhutire ndi maso okha, ndipo amuna anga anamwalirira m'nyumba mwathu momwemo, pa Feira, mutu uli pamiyendo panga.

Maliro ndiye anali a eni ake, ndipo sindinatsutse. Tinawanyamula pa lole ya makala kupita ku Mburuma, msewu womwe uja. Achibale anakwera kumbuyo ndi bokosi akuimba, ine anandiika kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Tinadutsa kamlatho kaja, podutsa njovu, mlambe uja, ndi munda womwe ndinalowetsamo matayala. Lole inali yakale, yamagiya a pamanja, ndipo kamuvi kake kanali gone pa ziro njira yonse. Pena pake ndinatembenuka, pakamwa nditatsegula kale kuti ndiwauze amuna anga. Dalaivala anandifunsa ngati ndikufuna madzi, ndipo ndinati ayi, tiyeni tizipita.